Kodi mtima ndi mboni yokwanira? Za kubadwanso mwatsopano ndi kusandulika kwa Mkhristu

Mkanganowu ndinaumva pamaliro, m'mudzi wina kufupi ndi Ulónguè, usiku oimba atayamba kutopa. Mnyamata wina wogwira ntchito ku Moatize anasendera pafupi ndi agogo ake aakazi n'kuwafunsa motsitsa mawu kuti, "Agogo, kodi inu munabadwanso mwatsopano? Linali tsiku lanji?" Gogoyo anabatizidwa ali khanda, kalasi anaimaliza ali mtsikana, ndipo ngakhale m'zaka za nkhondo, atathawira ku Dedza, Lamulungu silinkawapeza pakhomo. Anamuyang'ana mdzukulu wawoyo n'kunena kuti, "Tsikulo ine sindilidziwa, mwanawe. Chimene ndidziwa n'chakuti ndine wa Ambuye." Mnyamatayo sanakhutire. Amalume ake, omwe ndi mkulu wa mpingo, anapsa mtima poganiza kuti mwana akunyoza chikhulupiriro cha akuluakulu, pomwe iye ankafunsa chifukwa choopa kuti agogo ake angatayike.

Funso lomweli likuzungulira m'magulu a WhatsApp, pa Facebook ndi m'chapa yochokera ku Tete. Wina amati ngati sunamve kanthu mumtima ndiye kuti sunapulumuke. Wina amati zomvaimvazo n'kutengeka chabe, chofunika ndi ubatizo ndi Mawu. Ambiri amaganiza kuti mkanganowu wabwera ndi mipingo yatsopano ya zokuzira mawu, koma ndi wakale ngati mpingo womwe, ndipo anthu anzeru zakuya akhala akulimbana nawo kwa zaka mazana ambiri. Ine sindikufuna kugamula mlandu pano. Ndikufuna aliyense amve bwino chimene mnzake akutanthauza.

Mawu amene ophunzira amatchula

Amene anaphunzira zaumulungu m'Chipwitikizi, monga ku HEFSIBA ku Ulónguè kapena kuseminale, amatchula liwu lakuti subjectividade. Chichewa chilibe liwu limodzi lolowa m'malo mwake, koma chinthucho timachidziwa. Ndi zimene munthu amamva ndi kudziwa m'kati mwake, zoti wina sangamumvere. Dzino likamawawa, wodziwa ululu wake ndi mwini dzino. Adokotala amangoona bowo. Liwu linzake ndi objectividade, kutanthauza zinthu zimene zilipo kunja kwa iwe, kaya wazimva kaya sunazimve. Mvula ikagwa usiku iwe uli mtulo, yagwa basi, ndipo munda wanyowa.

Ndiye funso ndi ili: pa nkhani ya chipulumutso, chili ngati mvula ija n'chiyani, ndipo chili ngati dzino lija n'chiyani? Nanga ziwirizi zikasemphana, munthu atsamire pati?

Liwu lakuti mtima lifunika kuliona bwino, chifukwa apa chinenero chathu chimatithandiza kwambiri. Tikamati "mtima wanga sukufuna", tikunena za chifuniro. Tikamati "ndinati chamumtima", tikunena za maganizo. Wouma mtima, wotaya mtima, kuugwira mtima, mtima kukhala m'malo: monsemu muli khalidwe, nzeru ndi zomva pamodzi. M'Chiheberi cha Chipangano Chakale mulinso chimodzimodzi, mtima ndi umene umaganiza ndi kusankha. Liwu la Chigiriki lakuti metanoia, lomwe alembi a Mauthenga Abwino anagwiritsa ntchito polemba ulaliki wa Yohane Mbatizi ndi wa Yesu, limanena za kusintha maganizo ndi njira ya moyo, ndipo omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, analitcha kutembenuka mtima. Wotembenuka ndi munthu amene analunjika ku Tsangano koma tsopano walunjika ku Dómuè. Zimene anamva m'thupi potembenukapo ndi funso lina, ndipo kusakaniza mafunso awiriwa n'kumene kumabala mikangano yambiri.

Baibulo limakoka mbali zonse ziwiri

Mnyamata uja ali ndi mavesi omuikira kumbuyo. Pa Ezekieli 36:26 Mulungu akulonjeza kuchotsa mtima wamwala n'kupereka mtima wamnofu. Pa Yohane 3 Yesu akuuza Nikodemo, mphunzitsi wodziwa malamulo, kuti ayenera kubadwa mwatsopano. Pa Aroma 8:16 Paulo akuti Mzimu amachita umboni pamodzi ndi mzimu wathu kuti ndife ana a Mulungu. Chipembedzo chapakamwa chokha aneneri anachidzudzula kwambiri.

Amalume aja nawonso sakusowa potsamira. Yeremiya 17:9 akuti mtima ndi wonyenga koposa zinthu zonse. Pa 1 Yohane 4:1 pali chenjezo lakuti tisakhulupirire mzimu uliwonse koma tiziyesa mizimu. Pa Mateyu 7 Yesu akunena za anthu amene ananenera ndi kutulutsa ziwanda m'dzina lake, koma iye adzawakana kuti sanawadziwe.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Chipangano Chatsopano chimaika Paulo ndi Timoteo m'gulu limodzi. Paulo akanafunsidwa tsiku akanalitchula, ndi malo omwe: panjira ya ku Damasiko, dzuwa lili paliwombo. Za Timoteo timangomva kuti anadziwa malembo kuyambira ali wakhanda, ndi kuti chikhulupiriro chake chinayamba kukhala mwa agogo ake a Loisi ndi mayi ake a Yunike. Paulo yemweyo anachitcha chikhulupiriro chosanyenga, osafunsa tsiku.

Augustine, mwana wa Africa amene anagwira mbali zonse

Munthu amene anaphunzitsa mpingo wa kumadzulo kudzifufuza m'kati anali wa ku Africa kuno. Augustine anabadwa mu 354 ku Thagaste, dera lomwe lero lili m'dziko la Algeria. Mayi ake, Monica, anali Mkhristu, koma iye anayendayenda m'ziphunzitso zina kwa zaka zambiri. Mu 386, ali m'munda wa nyumba ina ku Milan, akulira chifukwa cholephera kusiya moyo wake wakale, anamva mawu ngati a mwana akuti atenge awerenge. Anatsegula pa Aroma 13, ndipo akuti kukayika konse kunathera pomwepo. Anabatizidwa chaka chotsatira, n'kudzakhala bishopu wa ku Hippo. Mbiri ya moyo wake anailemba ngati pemphero, akufunsa mtima wake chifukwa chimene unkakondera zoipa. Umboni umene timaumva m'misonkhano ya chitsitsimutso, wakuti "ndinali wotere, Ambuye anandipeza", uli ndi kholo lake pamenepa.

Komabe Augustine yemweyo anakana zoti chipulumutso chizitsamira pa kuyera kwa munthu. M'nthawi ya chizunzo cha mfumu Diocletian, chomwe chinayamba mu 303, atsogoleri ena a mpingo anapereka mabuku opatulika kwa boma chifukwa cha mantha. Gulu lotchedwa a Donatus linati ubatizo woperekedwa ndi anthu otere ndi wopanda pake, ndipo linkabatizanso anthu. Augustine anayankha kuti manja angakhale a yani, wobatiza ndi Khristu. Anapereka fanizo loti mlimi wa dimba ku Angónia angalimve msanga: madzi amadutsa m'ngalande yamiyala, ngalandeyo siimera kanthu, koma madziwo amakafika ndithu kumbewu. Polimbana ndi Pelagius, amene ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi mphamvu yodzikonza yekha, Augustine anati ngakhale kufuna kutembenukako ndi mphatso ya chisomo. Kwa iye mtima ndi munda mmene kusandulika kumachitikira, koma mvula imachokera kwina.

Luther, Trent ndi ndalama za pafoni

Martin Luther, amene anayambitsa kukonzanso kwa mpingo mu 1517, anayamba ngati mmonke wodzifufuza mopitirira muyezo. Ankalapa machimo kwa maola ambiri, koma akangotuluka mtima unkamufunsanso ngati walapa zonse, ndiponso ngati walapa moona. Mtendere anaupeza pa Aroma 1:17, pamene anamvetsa kuti chilungamo chopulumutsa munthu ndi cha Khristu, choperekedwa kwaulere. Ophunzira amati chili extra nos, mawu a Chilatini otanthauza kunja kwa ife.

Taganizani za ndalama zotumizidwa pa M-Pesa kapena e-Mola. M'bale wanu ku Beira watumiza, koma foni yanu yazima kapena netiweki yavuta, uthenga sunafike. Ndalamazo zalowa ngakhale foni sinalire. Tikudziwanso kuti akuba amatha kutumiza uthenga wabodza wooneka ngati weniweni, foni n'kulira, koma mulibe kanthu. Kwa Luther zomva za mumtima zili ngati kulira kwa foni, pomwe lonjezo la Mulungu ndiye ndalamayo. N'chifukwa chake munthu wovutika ndi mantha ankamulozera ku ubatizo wake ndi ku Mawu. Fanizoli lili ndi malire ake, poti chikhulupiriro chenichenicho, kudalira lonjezo lija, chimachitika mumtima momwemo. Luther ankalimbikira kuti sikokwanira kuvomera kuti Khristu anafa. Munthu ayenera kukhulupirira kuti anafera iyeyo.

Apa pali mawu awiri oyenera kuwasiyanitsa. Kuyesedwa wolungama ndi chigamulo cha Mulungu chakuti wochimwa walandiridwa chifukwa cha Khristu, ndipo chimachitika kamodzi. Kuyeretsedwa ndi kusintha kwa khalidwe, kwapang'onopang'ono ngati mmene chimera chimagwirira ntchito mu thobwa. John Calvin, mphunzitsi wamkulu wa mipingo ya Reformed, anati ziwirizi zili ngati kuwala ndi kutentha kwa dzuwa: ndi zosiyana, koma sungalandire chimodzi popanda chinzake. Katekisma wa Heidelberg wa 1563, umene mipingo ya Reformed imautsata, umayamba ndi funso lolunjika kwa munthu payekha, lofunsa chitonthozo chake m'moyo ndi mu imfa, ndipo yankho lake likuti munthuyo si wa iye mwini koma wa Yesu Khristu. Yankho la agogo aja silinali patali ndi limeneli.

Mpingo wa Katolika unayankha pa msonkhano wa ku Trent. Chikalata chake cha mu 1547 chinati kulungamitsidwa sikuthera pa kukhululukidwa machimo, kumaphatikizapo kuyeretsedwa ndi kukonzedwanso kwa munthu wam'kati, ndipo munthu amagwirizana nacho chisomo mwaufulu. Kubadwanso kwa pa Yohane 3:5, mwa madzi ndi Mzimu, Akatolika amakuona mu ubatizo. Sakramenti limagwira ntchito chifukwa cha Khristu, ngakhale wansembe akhale wofooka, koma zipatso zake zimayendera mtima wa wolandirayo. Msonkhanowo unatinso palibe amene angadziwe motsimikiza kotheratu kuti ali m'chisomo, pofuna kuteteza anthu ku kudzitama. Akhristu a Orthodox, akum'mawa, amakonda fanizo la chitsulo cha wosula makasu: chikakhala pamoto chimafiira ngati moto womwewo, koma chikadali chitsulo. Umo ndi mmene amamvera 2 Petro 1:4, ponena za kugawana nawo umulungu.

Pa 31 October 1999, ku Augsburg, Akatolika ndi a Lutheran anasaina chikalata chovomerezana kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, ndi kuti Mzimu amakonzanso mtima n'kumuitanira ku ntchito zabwino. A Methodist analowa nawo mu 2006, ndipo mgwirizano wa mipingo ya Reformed wa dziko lonse unalowa mu 2017. Kusiyana kulipobe, koma si kwakukulu monga timakuonetsera tikamakangana pamaliro.

Mmene moto wa chitsitsimutso unafikira kwathu

Nthawi iliyonse mpingo ukazizira n'kutsala mwambo chabe, pamadzuka anthu okumbutsa za mtima. Ku Germany, Philipp Spener mu 1675 analimbikitsa timagulu towerenga Baibulo m'nyumba. Ku London, pa 24 May 1738, John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, yemwe anali kale mbusa wodzozedwa, anamva mtima wake ukufunda modabwitsa pa msonkhano wina ku Aldersgate. Chimene chinkawerengedwa usikuwo chinali mawu oyamba a Luther pa kalata ya Aroma, munthu uja amene ankachenjeza za kudalira zomva.

Mu 1860 chitsitsimutso chinabuka ku Worcester ku South Africa, mumpingo wa Dutch Reformed umene mbusa wake anali Andrew Murray. Mwana wa m'bale wake, A.C. Murray, ndi amene anayamba mishoni ya ku Mvera ku Malawi mu 1889, ndipo nthambi ya ntchito imeneyo inafika ku Mphatso, ku Angónia, mu 1909. Boma la Apwitikizi linatseka mishoni za mpingowu kumeneko mu 1922, ndipo kwa zaka zambiri Akhristu a kuno ankapemphera m'nyumba zawo, ena n'kumawoloka malire kukalandira mgonero. Choncho mpingo wa Igreja Reformada, wochokera mu ntchito ya mishoni imeneyi, umene achinyamata ena amautcha wozizira, nawonso ndi mdzukulu wa chitsitsimutso.

Mbali ya Katolika ilinso ndi mwambo wake wa za mumtima. Ajezuiti amene anamanga mishoni za Boroma ndi Lifidzi ndi chipani cha ansembe chimene chinayambitsidwa ndi Ignatius wa ku Loyola, msilikali amene anavulala mwendo pa nkhondo ku Pamplona mu 1521. Ali chigonere anazindikira kuti maganizo ofuna kutchuka ankamukondweretsa kwakanthawi n'kumusiya wouma, pomwe maganizo otsata Khristu ankamusiyira mtendere wokhalitsa. Kuchokera pamenepo anakonza njira yosiyanitsira mizimu, yomwe imaphunzitsidwa mpaka lero pa mibindikiro.

Chipentekoste chinafalikira kuchokera ku Azusa Street ku Los Angeles mu 1906, motsogozedwa ndi William Seymour, mwana wa anthu amene anali akapolo. Chinawonjezera chiphunzitso cha ubatizo wa Mzimu, ndipo mipingo ngati Assembleia de Deus imati chizindikiro chake choyamba ndi kulankhula malilime. Apa zochitika m'kati mwa munthu zimayembekezeka kumveka ndi kuoneka pagulu. Mipingo ya Ziyoni nayo imapereka malo aakulu ku maloto, maulosi ndi machiritso.

Anzeru a ku Ulaya mwachidule

Friedrich Schleiermacher, amene anamwalira mu 1834, anati phata la chipembedzo ndi kuzindikira m'kati kuti umadalira Mulungu kotheratu. Søren Kierkegaard wa ku Denmark, poona dziko limene aliyense ankatchedwa Mkhristu chifukwa chongobadwiramo, analemba mu 1846 kuti choonadi ndi subjectividade. Ambiri amamumva molakwa, ngati ankati aliyense ali ndi choonadi chake. Iye ankatanthauza kuti choonadi cha Chikhristu sichikupindulira kanthu ngati sunaikepo moyo wako, monga kudziwa kuti bwato ndi lolimba kumasiyana ndi kulikwera pa Zambezi. Koma Ludwig Feuerbach anali atafunsa kale mu 1841 funso lopweteka: ngati Mulungu timamupeza mumtima, tidziwa bwanji kuti si chithunzi cha zofuna zathu chabe? Karl Barth, pambuyo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anayankha kuti zaumulungu ziyenera kuyambira pa Mulungu amene walankhula mwa Khristu, mtima ubwere pambuyo.

Nanga kusandulika amakuyesa bwanji?

Apa mipingo imayandikana kuposa mmene imavomerera. Jonathan Edwards, mlaliki wa chitsitsimutso ku America amene anaona anthu akulira ndi kugwa pansi pa ulaliki wake, analemba mu 1746 kuti kulira, kunjenjemera ndi kulankhula kwambiri za Mulungu sizitsimikiza kuti munthu watembenuka, komanso sizitsimikiza kuti akunama. Chizindikiro chachikulu, iye anati, ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Ignatius analangiza kuti munthu asasinthe zimene anatsimikiza pamene mtima wake uli mumdima, ndiponso asabise zimene akumva koma aziulule kwa mlangizi. Makalata a Mayi Teresa a ku Calcutta, omwe anasindikizidwa mu 2007, anaonetsa kuti anakhala zaka zambiri osamva kukhalapo kwa Mulungu, koma akutolabe odwala m'misewu. Amene akudutsa m'chilala chotere ayenera kudziwa kuti mwambo wa Chikhristu umachidziwa, ndipo sunena kuti wotere watayika.

Muyezo umene onse amabwererako ndi wa pa Mateyu 7:16, wa zipatso, ndi mndandanda wa pa Agalatiya 5:22-23: chikondi, chimwemwe, mtendere, kuleza mtima, chifundo, kukoma mtima, chikhulupiriro, chifatso, chiletso. Za Zakeyu sitikuuzidwa kuti analira. Tikuuzidwa kuti analonjeza kubweza kanayi zimene analanda. Kuno ku Mozambique tinaona chitsanzo chogwirika ndi manja. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, bungwe la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, linayamba mu 1995 kulandira mfuti zobisika n'kumapereka makasu, njinga ndi makina osokera, potsatira Yesaya 2:4. Za mumtima mwa wobweza mfutiyo palibe ankazidziwa, koma mfutiyo inkaoneka ndi maso, ndipo inkadulidwa.

Muyezo wa zipatso nawonso uli ndi vuto lake, ndipo ndi bwino kulitchula. Zipatso zimachedwa, ndipo munthu wosapemphera amathanso kukhala wofatsa ndi wachifundo. Petro, atalandira kale Mzimu, anachitabe tsankho ku Antiokeya mpaka Paulo anamudzudzula pamaso. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri a Reformed amati chitsimikizo chimaima ngati mphika pa mafuwa atatu: lonjezo la Mulungu, umboni wa Mzimu mumtima, ndi moyo wosintha.

Ine ndi ife

Nkhaniyi imatikhudza mwapadera chifukwa cha mmene ife timamvera umunthu. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tiwanthu. John Mbiti wa ku Kenya analemba mu 1969 kuti mu Africa munthu amakhalapo chifukwa cha anzake. Pachinamwali mwana sadzilengeza yekha kuti wakula. Anamkungwi amalangiza, mudzi umachitira umboni. Choncho mnyamata akaimirira n'kunena kuti "Yesu ndi Mpulumutsi wanga wa ine ndekha", akuluakulu ena amamva ngati akudzipatula pa mtundu. Komatu kwa mtsikana amene akukakamizidwa ukwati, kapena munthu womangidwa ndi mantha a ufiti, mawu omwewo ndi amene amamupatsa mphamvu yokana. Ndipo mbali inayo, mawu akuti "Mzimu wandiuza" akasowa owayesa, amatha kupasula banja, kuloza gogo wosalakwa kuti ndi mfiti, kapena kulanda ndalama ya feteleza. Paulo pa 1 Akorinto 14:29 analola aneneri kulankhula, koma analamula kuti ena aziyesa zonenedwazo.

Pamene kusiyana kumaonekera kwambiri ndi pa ubatizo wachiwiri. Akatolika ndi a Reformed sabatizanso munthu amene anabatizidwa ndi madzi m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, potsata mfundo ya Augustine ija. Wobatizidwa ali khanda amadzavomereza chikhulupiriro chake akakula, kudzera m'kalasi kapena ulimbitso. A Baptist ndi Apentekoste ambiri amati ubatizo uyenera kutsatira chikhulupiriro cha mwiniwake, choncho kwa iwo womizidwa ali wamkulu akubatizidwa koyamba, sakubwereza. Pamaliro paja nkhani inathera pomwepa, chifukwa kunadziwika kuti mnyamatayo akukonzekera kukamizidwa mumtsinje wa Revúbuè. Amalume ake anati zimenezo n'kukana ubatizo umene makolo anamupatsa. Iye anati akungomvera Ambuye. Agogo anawakumbutsa kuti maliro akadali m'nyumba, ndipo banja linagwirizana zodzakhalanso pansi akakolola, pamodzi ndi abusa a mbali zonse ziwiri.